Zidole za Ana Zimene Akuluakulu Akulimbirana pa Okushoni

Kutolera zidole ndi chizolowezi chimene chinazika mizu ku America, ku Ulaya ndi ku Japan, ndipo ambiri mwa ochikonda ndi anthu akuluakulu, ena a imvi kumutu. Zidole zake ndi tianthu tapulasitiki topindika mikono ndi miyendo, toumbidwa m'maonekedwe a asilikali, ngwazi za m'mabuku a zithunzi ndi anthu a m'mafilimu. Tianthuti timabwera ndi katundu wake: mfuti, malupanga, galimoto, ndege, nyumba ndi malinga zimene mwana amayala pansi n'kumaseweretsamo nkhani yonse. Zambiri mwa zidolezi zinkagulitsidwa madola ochepa chabe m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Lero zina zimagulidwa mtengo wa galimoto yatsopano, ndipo mu Ogasiti 2024 kachidole kamodzi kotalika masentimita osakwana 10 kanagulidwa madola 1.34 miliyoni.

Mmene zinayambira

Tiasilikali toseweretsa n'takale. Mu 1893 kampani ya William Britain ku London inayamba kuumba tiasilikali tamtovu tamphako m'kati, ndipo m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Louis Marx ku America inkagulitsa mabokosi odzaza tianthu tapulasitiki, mahatchi ndi mipanda, monga bokosi lotchuka la Fort Apache. Koma tianthu timeneti tinali touma gwa. Msilikali woumbidwa atagwada ankakhala chigwadire mpaka kale.

Kusintha kunabwera kudzera mwa chidole cha atsikana. Mu 1959 kampani ya Mattel inatulutsa Barbie, ndipo amalonda anaona msanga kuti phindu lenileni linali pa madiresi, nsapato ndi zikwama zimene makolo ankagulabe chidolecho chitalowa kale m'nyumba. Mu 1963 munthu wina wa malonda, Stan Weston, anapita ndi maganizo ofanana ndi amenewa kwa Don Levine wa kampani ya Hassenfeld Brothers, imene pambuyo pake inatchedwa Hasbro: bwanji osapanga msilikali wa anyamata amene angamavekedwe mayunifolomu ndi kugwiritsidwa zida zogulidwa padera? Weston anagulitsa maganizowo madola 100,000, ndipo mu 1964 G.I. Joe analowa m'masitolo. Anali wotalika pafupifupi masentimita 30, wopindika m'khosi, m'mapewa, m'zigongono, m'chiuno, m'mawondo ndi m'akakolo, moti ankatha kugwada, kukwawa ndi kulozetsa mfuti. Poopa kuti abambo a nthawi imeneyo sangagulire ana awo aamuna chinthu chotchedwa chidole, a Hasbro analetsa ogulitsa awo kutchula mawuwo ndipo anachipatsa dzina latsopano loti action figure, limene lero limatchulidwa pa zidole zonse za mtunduwu.

G.I. Joe woyamba ali ndi zizindikiro ziwiri zimene otolera amayang'ana. Pa tsaya lake lakumanja pali chipsera, ndipo chikhadabo cha chala chake chachikulu chinaumbidwa kumbali yolakwika. Zonsezi zinkathandiza kampaniyo kuzindikira anthu okopera chidolecho mwakuba, popeza nkhope ya munthu wamba palibe amene angaiyese yake. Ku Britain chidole chomwechi chinatuluka mu 1966 pa dzina la Action Man, chopangidwa ndi kampani ya Palitoy.

Nkhondo ya ku Vietnam itanyansa anthu ambiri ku America, malonda a msilikaliyu anatsika, ndipo mu 1970 anasandutsidwa munthu wofufuza malo achilendo. Kenaka mafuta anakwera mtengo mu 1973, pulasitiki nayo inakwera, ndipo zidole zikuluzikulu zinayamba kudula kupanga.

Khrisimasi ya katoni yopanda kanthu

Filimu ya Star Wars inayamba kuonetsedwa pa 25 Meyi 1977. Makampani akuluakulu a zidole sanaikhulupirire. Ngakhale Mego, imene inkatsogola pa zidole za Batman ndi Superman, sinatenge chilolezo chake, choncho chinagwera kampani ya Kenner ya mumzinda wa Cincinnati. Filimuyo itagwedeza dziko, Kenner inapezeka ilibe chidole n'chimodzi chomwe choti igulitse pa Khrisimasi, chifukwa kusema zikombole zachitsulo zoumbiramo pulasitiki kumatenga miyezi yambiri. Mmalo mwake inagulitsa envulopu yakatoni yotchedwa Early Bird Certificate Package. M'kati munali kabenchi kakatoni koimikapo zidole, timapepala tomata ndi chikalata cholonjeza kuti zidole zinayi zidzabwera pa positi chaka chotsatira: Luke Skywalker, Princess Leia, Chewbacca ndi R2-D2. Ana ankadula chikalatacho n'kuchitumiza, envulopu n'kutayidwa. N'chifukwa chake envulopu yosatsegulidwa lero imagulidwa madola masauzande angapo.

Chinthu chachikulu chimene Kenner inachita chinali kuchepetsa msinkhu. Zidole zake zinali za mainchesi 3.75, pafupifupi masentimita 10, msinkhu umene kampani ya Takara ya ku Japan inali itayamba kale kugwiritsa ntchito pa zidole za Microman mu 1974. Kachidole kakang'ono kankadya pulasitiki yochepa ndipo mwana ankatha kukhala ndi khumi kapena makumi awiri. Komanso kankakwana m'chombo. Chombo cha mufilimuyo cha Millennium Falcon cha munthu wa masentimita 30 chikanadzaza chipinda, koma cha kamunthu ka masentimita 10 mwana ankachinyamula ndi manja awiri. Apa ndi pamene zoseweretsa zikuluzikulu zokhala ndi zipinda, zitseko, makwerero ndi misampha zinafika pachimake. Kuyambira 1978 mpaka 1985 Kenner inatulutsa zidole za Star Wars za mitundu yoposa 90, ndipo zonse zimene zinagulitsidwa zimawerengedwa kuti zinafika pafupifupi 300 miliyoni.

Zaka za m'ma 1980 zinadzaza ndi otsanzira njira imeneyi. Boma la America litafewetsa malamulo a zimene ana angaonetsedwe pa wailesi ya kanema, makampani anayamba kupangitsa makatuni onena za zidole zawo. Mattel inatulutsa He-Man mu 1982 pamodzi ndi linga lobiriwira la Castle Grayskull, lokhala ndi khomo looneka ngati kamwa la chigaza, ndipo katuni yake inayamba mu 1983. G.I. Joe anabweranso mu 1982 ali wamng'ono, ndipo mu 1985 anapatsidwa sitima yapamadzi yonyamula ndege yotchedwa USS Flagg, yotalika mamita oposa awiri, ya mtengo wa madola pafupifupi 110. Ndi mabanja ochepa amene anali ndi ndalama ndi malo a chinthu choterocho, ndipo sitima yokhala ndi tizigawo take tonse ndi chuma chachikulu kwa otolera lero. Mu 1984 Hasbro inatenga maroboti a Takara osandulika galimoto ndi ndege n'kuwatcha Transformers. Teenage Mutant Ninja Turtles anatsatira mu 1988.

Chimene chimakweza mtengo

Funso lodabwitsa ndi lakuti chinthu chopangidwa m'mamiliyoni chingasowe bwanji. Yankho lili mwa ana eni ake. Mwana ankang'amba katoni tsiku lomwelo, kamfuti kankatayika m'mchenga sabata isanathe, galu ankatafuna mwendo, penti ya m'maso ndi m'tsitsi inkafufutika, ndipo mwanayo atakula amayi ake ankasesa zonse n'kukazitaya. Palibe amene ankaganiza zosunga. Choncho chidole chimene chinapulumuka chili chathunthu, makamaka chimene chinaiwalika m'kabati osatsegulidwa, n'chosowa kwenikweni. Mbali inayo, ana a nthawi imeneyo tsopano ali pantchito, ali ndi ndalama, ndipo akufuna kugwiranso m'manja chinthu chimene anachikonda ali ndi zaka 8, kapena chimene ankachisirira kwa mnzawo makolo awo atalephera kugula.

Otolera amagawa zidole m'magulu. Pali chidole chotuluka kale m'katoni, chimene mtengo wake umadalira kuwala kwa penti, kulimba kwa mikono ndi miyendo, ndiponso ngati zida zake zilipo. Kawirikawiri kamfuti kapena kalupanga kokha kamadula kuposa mwini wake, chifukwa ndi kamene kankayamba kutayika. Ndiye pali chidole chimene chikadali m'kapulasitiki koonekera komatidwa pa katoni. Apa maso amapita pa katoniyo: ngodya zake zapindika kodi, kapulasitikiko kachita chikasu kapena kang'aluka, pali chipsera cha kapepala ka mtengo? Ngakhale kabowo kokolowekera pa msomali wa m'sitolo kamawerengedwa, moti katoni imene kabowo kake sikanabooledwe imaposa inzake. Pa zidole za Star Wars amawerenganso zithunzi za kuseri kwa katoni. Ya zithunzi 12 ndi ya gulu loyambirira la 1978, ndipo ndi imene imalimbiranidwa kwambiri.

Zolakwika za ku fakitale ndi zosintha za mwadzidzidzi zimabala zidole zosowa koposa. Kamunthu kakafupi kotchedwa Jawa poyamba kankavala mwinjiro wapulasitiki wopyapyala, koma a Kenner anaona kuti kakuoneka kotchipa poyerekeza ndi mtengo wake, ndipo posakhalitsa anakaveka mwinjiro wansalu. Jawa wa mwinjiro wapulasitiki tsopano amagulidwa madola masauzande. Munthu wina wa mu Star Wars, Snaggletooth, anaumbidwa potengera chithunzi chopanda mitundu chosaonetsa miyendo, choncho anatuluka wamtali, wovala zabuluu ndi nsapato zasiliva, pamene mufilimu anali wamfupi wovala zofiira. Wabuluuyo anagulitsidwa kanthawi kochepa m'masitolo a Sears asanakonzedwe. Luke Skywalker woyambirira anali ndi lupanga lotuluka m'mkono mwake kawiri, lokhala ndi kansonga kowonda kothyoka msanga. Mmodzi wa mtundu umenewu, ali pa katoni yake, anagulidwa madola 25,000 pa okushoni ya Sotheby's mu 2015.

Nkhani ya Boba Fett wa mu Star Wars ndiyo imakambidwa kwambiri. Kenner inalonjeza kuti mwana wotumiza zizindikiro za zidole zinayi zimene wagula adzalandira pa positi munthu wachilendoyu, wokhala ndi kamzinga kofiira kumsana kofwamphuka ukakanikiza kabatani. Koma kumapeto kwa 1978 mwana wina ku America anamwalira atatsamwidwa ndi kamzinga ka choseweretsa cha Battlestar Galactica cha kampani ina, ndipo oyesa zidole a ku Kenner nawo anaona kuti kamzinga kawo n'koopsa. Boba Fett amene anafika kwa ana mu 1979 anali ndi kamzinga komatidwa, kosachoka. Wofwamphula mzingayo sanagulitsidwepo m'sitolo. Zimene zilipo ndi zoyeserera zochepa zimene antchito a ku Cincinnati anapita nazo kwawo. Chimodzi chinagulidwa madola 525,000 pa okushoni ya Heritage Auctions chapakati pa 2024, ndipo patangopita miyezi yochepa china chinafika madola 1.34 miliyoni pa okushoni ya Goldin. Zaka 21 m'mbuyomo, mu 2003, G.I. Joe woyeserera wa Don Levine anagulidwa madola 200,000, ndipo nthawi imeneyo anthu ankaona ngati palibe chidole chingapose pamenepo.

Achinyengo ndi oyeza

Pamene pali ndalama zotere achinyengo sasowa. Timfuti ndi timalupanga tatsopano timaumbidwa n'kugulitsidwa ngati takale, mwinjiro wa Jawa umadulidwa kuchokera ku pulasitiki ina, ndipo ena amatenga chidole chakale n'kuchimatanso pa katoni yosindikizidwa dzulo. Otolera odziwa amayang'ana ndi galasi lokulitsa: mzere umene zikombole ziwiri zinakumana, timadontho ta inki pa katoni, mmene guluu anagwirira. Zida zina amaziponya m'madzi kuti aone ngati ziyandama, kapena kuzigwetsa patebulo n'kumvetsera kulira kwake, ngakhale kuti okopera amakono aphunzira kupambana mayeso amenewa.

Pofuna kuthetsa mikangano, panabadwa makampani oyeza zidole, ndipo yodziwika kwambiri ndi Action Figure Authority ya ku America. Mwini chidole amachitumiza kumeneko, akatswiri amachiunika n'kuchipatsa malikisi osapitirira 100, kenaka amachitsekera m'bokosi lapulasitiki lolimba loonekera. Chidole chakale chopeza 85 chimayesedwa chabwino kwambiri, ndipo kusiyana kwa malikisi asanu okha kumatha kuwirikiza mtengo. Njirayi yathandiza ogula pa intaneti, amene sangagwire katunduyo asanalipire. Koma ili ndi chisoni chake. Chidole chinapangidwa kuti chipindidwe mikono ndi kukwezedwa m'chombo, ndipo chikatsekeredwa palibenso amene adzachikhudze. Otolera ambiri amakana njirayi n'kusankha zidole zoseweretsedwa, zofufutika pang'ono, zimene angathe kuziimika pashelefu ndi kuzipatsa mwana wawo kuti azigwire. Filimu ya Toy Story 2 ya 1999 inamanga nkhani yake yonse pa mkangano womwewu.

Chodabwitsa n'chakuti zidole zina zokopera mwakuba nazonso zinasanduka chuma. M'zaka za m'ma 1980 mafakitale a ku Poland, ku Hungary ndi ku Turkey ankapanga zidole za Star Wars popanda chilolezo, za mitundu yachilendo ndi makatoni ojambulidwa mwa njira yawoyawo. Za ku Turkey, zotchedwa Uzay, zimagulidwa mtengo woposa zenizeni zambiri. Zimafunidwanso zimene zinapangidwa ndi chilolezo m'mayiko ena, monga za Lili Ledy ku Mexico ndi Glasslite ku Brazil, chifukwa penti ndi pulasitiki yake n'zosiyana ndi za ku America.

Zidole zamakono

Chaka cha 1995 chinasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi. Msika wa pa intaneti wa eBay unatsegulidwa, ndipo munthu wa ku Japan anatha kugula zotsala m'galaja ya munthu wa ku Ohio. Chaka chomwecho Kenner, imene Hasbro inali itaigula mu 1991, inayambiranso kupanga zidole za Star Wars. Ulendo uno akuluakulu anali atamva za mitengo ya zakale, choncho anathamangira kumasitolo n'kugula makatoni athunthu, osatsegula n'chimodzi chomwe, kuyembekeza kudzalemera. Popeza aliyense anasunga, palibe chimene chinasowa. Zambiri mwa zidole za 1995 mpaka 1999 lero zimagulitsidwa mtengo wofanana kapena wotsika kuposa umene zinagulidwira. Phunziro limeneli likugwirabe ntchito: chinthu cholembedwa pabokosi kuti n'cha otolera sichikwera mtengo kawirikawiri, ndipo amene amagula zidole zatsopano ngati njira yosungira ndalama amakhumudwa nthawi zambiri.

Ngakhale zili choncho, luso la zidole zamakono ndi lapamwamba. Todd McFarlane, wojambula mabuku a zithunzi, anayambitsa kampani yake mu 1994 n'kuonetsa kuti chidole chingasemedwe mwatsatanetsatane ngati chosema cha mmisiri. Kampani ya Hot Toys ya ku Hong Kong imapanga zidole za masentimita 30 zovala nsalu zosokedwa bwino, zokhala ndi nkhope zofanana ndi osewera m'mafilimu mpaka makwinya, ndipo chimodzi chimagulidwa madola mazana awiri kapena kuposa. Hasbro inayamba gulu la Black Series la mainchesi 6 mu 2013. Mu 2018 inayesa njira yatsopano yotchedwa HasLab: inalengeza kuti ipanga chombo chachikulu cha Jabba the Hutt wa mu Star Wars, cha madola pafupifupi 500, pokhapokha ngati anthu 5,000 alonjezeratu kugula. Chiwerengerocho chinapitirira, ndipo zoseweretsa zikuluzikulu zimene masitolo sangazipatse malo zakhala zikupangidwa mwa njira imeneyi.

Mbiri ya zidolezi yafikanso m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Strong National Museum of Play mumzinda wa Rochester ku New York inalemekeza G.I. Joe mu 2004 ndi zidole za Star Wars mu 2012. Ku Petaluma, m'chigawo cha California, Steve Sansweet anasonkhanitsa katundu wa Star Wars wochuluka moti analowa m'buku la Guinness, ndipo malo ake otchedwa Rancho Obi-Wan akhala akulandira alendo.

Kuzindikira ndi kusamala

Zoseweretsa zimene mabanja a ku Ulaya ndi ku America amachotsa m'nyumba zimayenda mtunda wautali, ndipo zina zimafika m'misika ya kaunjika ku Malawi ndi ya salaula ku Zambia. Zambiri zimakhala zaposachedwa ndi zosakwanira ziwalo, koma njira yozizindikirira ndi imodzi kulikonse. Kuseri kwa ntchafu, pamsana kapena kupansi kwa phazi pamakhala timalemba toumbidwira m'pulasitiki momwemo: dzina la kampani, chaka ndi dziko. Pa zidole zakale za Kenner pamapezeka zilembo GMFGI kapena LFL, chaka cha pakati pa 1977 ndi 1985, ndipo nthawi zambiri Hong Kong, Taiwan kapena Macau. Chakacho chimanena za nthawi imene chikombole chinalembetsedwa, choncho chidolecho chingakhale chinaumbidwa zaka zingapo pambuyo pake. Luke Skywalker wachifuwa chotambalala ndi mikono yodzaza minofu ndi wa 1995, osati wa 1978.

Mdani wamkulu wa wotolera ndi pulasitiki yomweyo. Dzuwa ndi kutentha zimasandutsa pulasitiki yoyera kukhala yachikasu, ndipo asilikali oyera a Star Wars ndi amene amaonekera msanga. Mankhwala amene anathiridwa kuti mikono ndi miyendo ikhale yofewa amatuluka pang'onopang'ono, chidole n'kuyamba kunanda, ndipo chikagundana nthawi yaitali ndi pulasitiki ya mtundu wina chimatha kuisungunula. G.I. Joe wamng'ono wa m'ma 1980 amagwiridwa m'chiuno ndi kamphira kozungulira kamene kamauma n'kuduka, moti chidole chimagawika pakati ngakhale chili m'katoni yosatsegulidwa. Chotuluka kale n'chosavuta kukonza, chifukwa pamsana pake pali sikuluwu imodzi yokha. Maroboti ena a Transformers a mtundu wagolide amafumbutuka ngati bisiketi akangopindidwa. Mabatire oiwalika m'zombo amatuluka madzi n'kudya mawaya.

Otolera osamala amasunga zidole pamalo ozizira, ouma ndi a mthunzi, chilichonse m'kathumba kake, zida zili padera. Akafuna kutsuka amagwiritsa ntchito madzi ofunda pang'ono, sopo wofewa ndi mswachi, osakhudza timapepala tomata. Ena amaviika zidole zachikasu m'mankhwala oyeretsa n'kuziyanika padzuwa kuti ziyerenso, koma chikasucho chimabwereranso pakapita nthawi, ndipo wogulitsa wachilungamo amayenera kunena kuti chidolecho chinayeretsedwa, kupentedwanso kapena kupatsidwa zida zokopera.